Kalavani Yopendama ya a Lojze

Nkhaniyi ndinaimva kwa Drago Pečnik, woyang'anira malo oimikapo makalavani, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, m'mphepete mwa mtsinje wa Kolpa, chaka chimene ndinakhalako ndikudikira kuti bondo langa lipole.

Linali Loweruka masana, nyengo yotentha ikutha, pamene kagalimoto kotuwa kanalowa pageti kakukoka kalavani yakalekale, utoto wonse utasuluka. Pachiwongolero panali mayi, mdala ali pambali. Drago anangoyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti awa ndi aja amagula chiphakasa potengera anzawo, osadziwa ngakhale kumene chitseko chimatsegukira. Otere amawaona chaka chilichonse.

Mdalayo, a Lojze, anatsika atagwira buku la malangizo lija limabwera ndi kalavani, mapepala ake achikasu, chikuto chomata ndi tepi. Akazi awo, mayi Cvetka, anatulutsa mpando wopinda n'kukhala pamthunzi, manja pamiyendo.

Malo amene anapatsidwa anali otsetsereka. A Lojze anaizungulira kalavani ija, kenaka anayamba kupukusa timiyendo ta m'makona kuti akweze mbali yotsika. Chitsulo chinayamba kulira. Drago anathamangirako, poti timiyendo timeneto n'tongochirikiza, ukatisenzetsa katundu timapindika.

Mayi Cvetka anamuimitsa ndi dzanja, kachala kawo kakumapeto kali kokhota ngati mbedza. Anamuuza chapansipansi kuti mwana wawo wa ku Ljubljana wapeza kale wogula. Pangano linali lakuti mdala akalephera kuimika yekha kalavaniyi, Lolemba ipita, maulendo athere pomwepo. Mayiwo ankaloledwa kuthandiza poyendetsa galimoto pokha basi.

"Ndiye mungowaonerera mpaka athyoke msana, mayi?"

"Ali ndi buku. Awerenge."

Drago anabwerera pakhonde pake mumtima akuti mayi wouma mtima chonchi sanamuonepo.

Mdala uja anakhala pachitsulo chokokera, magalasi pamphuno, chala chikuyenda m'mizere. Anawerenga nthawi yaitali. Kenaka anabweza timiyendo tija, n'kutsegula kabokosi kakutsogolo. Sanafunefune. Dzanja linangolowa n'kutuluka ndi thabwa lalifupi, ndipo Drago anati wangokhala mwayi chabe. Thabwalo analiika patsogolo pa tayala lotsika, n'kukodola akazi awo kuti asunthe galimoto pang'ono. Tayala litakwera, anatunga madzi m'tambula, kuiika pansi m'kati mwa kalavani chapakhomo, n'kugwada kuyang'ana ngati madziwo akhala molingana.

"Cvetka, tamvera izi! 'Musakhulupirire maso anu, maso amanama.'"

"'Funsani madzi,'" milomo ya mayi inamaliza mawuwo mdala asanafikepo. Drago anaona, n'kuganiza kuti mayiyu akuwayeseza amuna awo.

Dzuwa lisanalowe, kalavani inali itaima chilili, madzi m'tambula ali zii. Drago anatenga botolo la mowa wa mapulamu ndi timatambula, kukawayamikira. Anapeza mdala ali thukuta kamukamu koma nkhope ikuwala ngati ya mwana wopambana mayeso.

"Achimwene," anatero a Lojze akumenya bukulo ndi chikhatho, "mabuku ambiriwa amalemba anthu oti sanagonemo m'kalavani. Koma uyu! Akudziwa pamene munthu ulakwitse usanalakwitse. Taonani apa: 'Moto wa gasi ukakana, musatukwane, dikirani pang'ono.' Munthu ameneyu nditakumana naye, botolo lonseli lingakhale lake."

Anatembenuza tsamba n'kuloza chithunzi chojambula ndi pensulo: dzanja lachikazi likuika tambula ya madzi pansi.

"Ndipo anali ndi mkazi wokongola, ndaonera dzanjali. Usachite nsanje iwe, nkhalamba yanga."

"Kamweni mankhwala mugone, mdala wamanyado inu," anatero mayi Cvetka akuyang'ana kumtsinje.

Mdala atalowa, Drago anati bwanji ayankhule za kukhosi. Anawauza mayiwo kuti kalavani yapulumuka, mwana wawo akabweze wogula uja, ndipo akanati anenepo ngakhale liwu limodzi loyamikira, poti munthu woyamba kumene kuchita zimene achita a Lojze si masewera.

"Kalavani yapulumukadi," anatero mayi Cvetka. "Koma si imene ndinabwera kudzapulumutsa."

Anatola buku lija pamene mdala analisiya, kulitsegula pachithunzi, n'kuika dzanja lawo pambali pake. Kachala kakumapeto kanali kokhota chimodzimodzi, papepala ndi pamunthu.

"Analemba ndi iwowa, kufakitale ya makalavani, chaka chimene tinakwatirana. Masiku ano zakale zonse zinawachoka m'mutu. Ndimati mwina akawerenga mawu awo omwe, adzikumbukira."

Drago amanena kuti m'mawa mwake a Lojze anayang'ana chithunzicho, kenaka dzanja la akazi awo, misozi n'kutsika. Pamenepo pokha ndiye ndikukayika. Ndikuganiza kuti anawonjezera yekha, kuti nkhaniyi azitha kuinena mpaka kumapeto.