Mapu a Pomanga Nyumba

"Mapuwo alipo, mayi, koma ali pa intaneti," anatero a Kingstone, kalaliki wa pa ofesi ina ya boma ku Mulanje. "Apapepala anatha kalekale."

Anesi anayang'ana kafoni kake ka mabatani. Matope ochokera m'phiri anakokolola nyumba yake nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo tsopano njerwa zina anali ataotcha kale. Ankangofuna kudziwa malo amene phiri silidzamutsatanso.

"Ndiye ndimange pati, bambo?"

"Ine sindingalose. Mukaone pamapupo."

Pobwerera, Anesi anaima pamsika wa Chitakale kugula bonya. Wogulitsa anang'amba pepala lalikulu lamitundumitundu n'kumukulungira. Ali mu minibasi, anaona chidindo cha boma papepalalo, kenako dzina la mudzi wawo pakati pa utoto wofiira. M'munsi munalembedwa kuti malo obiriwira ndiwo abwino kumangapo, koma mbali yobiriwirayo inali itang'ambidwa.

Anatsika n'kuthamangira kumsika kuja.

"Achimwene, chidutswa china cha pepalali chili kuti?"

"Aa, mayi, mwachedwa. Chapita ndi bonya wa anthu a ku Limbuli."