Nkhope Yomata pa Khwangwala

Lusizi anali atadula kale magazini atatu, koma katoni imene anaiyala pamphasa pakhondepo inali ikadali yopanda kanthu. Aphunzitsi ake a zojambula kukoleji ku Mzuzu anawapatsa ntchito ya patchuthi: aliyense apange kolaji, ndiko kudula zithunzi zakale n'kuzimata pamodzi mpaka zinene nkhani ina yatsopano. Mutu wake unali banja. Za pa intaneti anakaniza, za m'foni anakanizanso.

"Kafufuzeni m'madirowa ndi m'masutikesi," anatero aphunzitsiwo. "Ndipo mubwere ndi chinthu chokupwetekani mtima, maluwa sindikuwafuna."

Magaziniwo anabwera nawo ndi mayi ake, a Eliza, kuchokera kuloji ya ku Kande kumene amaphika. Alendo ankawasiya m'zipinda. Munali mbalame, njovu ndi azungu opalasa timabwato. Banja lake munalibemo.

N'chifukwa chake m'mawa umenewo, mayi ake atapita kuntchito, Lusizi anakoka pansi pa bedi sutikesi ya malemu bambo ake, a Killion, amene anamwalira chaka chatha atagwira ntchito ku Joni zaka zambiri. Munali matikiti a basi, makalata ndi pasipoti yakale. M'kati mwa pasipotiyo munagwa chithunzi.

Anali bambo ake akadali mnyamata, atavala jekete lachikopa, akuseka mano onse pamtunda. Dzanja lawo linali paphewa pa mkazi wina wamtali, wa mpata kumano, atanyamula khanda lokulunga m'shawelo. Kuseri kunali zolemba za bambo ake: Joni, Meyi 2003.

Lusizi anabadwa mu Januwale chaka chomwecho.

Anakhala pansi. Ndiye kuti pamene mayi ake ankagona tulo tochepa ndi khanda kuno ku Kande, bambo ake anali ndi khanda lina kumeneko. Anaganiza za mayi akewo. Anachoka kwawo ku Ntcheu n'kudzaphunzira Chitonga cha eni ake, n'kuzolowera kondoole, nsima ya chinangwa ija, n'kumalima chinangwa okha mwamuna ali kutali. Bambowo atabwerako akudwala, mayi ake anawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka tsiku lomaliza. Mpaka pano mwezi uliwonse amakalambula pamanda. Ndipo pazithunzi zonse za m'nyumbamo panalibe ngakhale chimodzi chimene bambo ake ankaseka chonchi.

Anafuna kuchitentha. Machesi anawatenga ndithu, koma anawabweza. Ntchito ya kusukulu ija inali itapeza chithunzi chake.

Anatenga lezala yatsopano. Anayamba ndi bambo ake, kuwadula mosamala kuti jekete lisawonongeke. Kenako anadula mutu wa mkazi uja pakhosi penipeni. Thupi lake ndi diresi lamadontho analiduladula tizidutswa tating'ono ngati mamba a usipa. M'magazini ya mbalame anapeza khwangwala wamkulu atatambasula mapiko, wofanana ndi aja amaba nsomba zoyanika pathandala. Anachotsa mutu wa khwangwalayo n'kuikapo wa mkaziyo. Unakwana bwino moti iye mwini anachita mantha.

Guluu anali atatha. Anaphika kaphala ka ufa wa kondoole m'kachitini, n'kumapaka ndi nthenga ya nkhuku. Bambo ake anawamata m'zikhadabo za khwangwala, akuuluka nawo. Khanda analimata pansi pa phiko. Tizidutswa ta diresi tinakhala mchenga. Pakona, payekha, anamata mkazi wodula m'kalendala ya tchalitchi, atatembenukira kumbali, khasu lili paphewa.

Anaika katoniyo padzuwa. Pofika masana inali itauma gwa. Lusizi anaiyang'ana nthawi yaitali. Chiyambire sukulu anali asanapangepo chinthu chamoyo ngati chimenechi, koma chimwemwe chinakana kubwera. Ankangoganiza kuti achibisa kuti mpaka tsiku lobwerera ku Mzuzu.

Sanamve kabaza ikuima kumsewu. Anangoona chithunzithunzi cha munthu chitagwera pakatoni. A Eliza anali ataweruka msanga, epuloni ili m'manja.

"Ndiye ntchito ija imeneyi?" anafunsa akumwetulira, uku akuwerama kuti aone bwino. Kumwetulira kuja kunazima. "Wachitenga kuti chithunzi ichi?"

"M'sutikesi ya bambo." Anatero Lusizi. "Pepani amayi, sindimafuna kuti mudziwe. Mwavutika kale mokwanira."

A Eliza anagwada pamphasa. Anayesa kumatula nkhope ija ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, koma phala linali litagwira. Pepala linang'ambika patsaya. Anabweza dzanja msanga ngati agwira khala lamoto.

"Zidutswa zinazo zili kuti?"

Lusizi analoza mchenga uja. Mayi ake anatseka maso.

"Amayi, mukumumvera chisoni chifukwa chiyani? Munthu anakuberani mwamuna, inu muli ndi ine kumsana kuno!"

 Poyankha, a Eliza sanamuyang'ane Lusizi. Maso awo anali pa khwangwala.

"Mkazi ameneyu, Chawezi, sanandibere kanthu, mwanawe. Anamwalira patangopita mwezi chijambulireni chithunzichi, ndipo bambo ako anabwera nawe kuno usanayambe n'kukwawa komwe. Khandalo ndiwe. Chithunzi cha mayi ako okubereka chinali chimodzi chokhachi."