Laputopu ya Malemu Liao

Dzuwa litalowa ndinatseka shopu yanga yokonza makompyuta ku Taipei kuti ndikabweze laputopu kwa Mayi Liao, omwe amuna awo anamwalira mwezi wathawu. Mayiwo ankadandaula kuti ikutentha kwambiri. Ndinali nditapukuta fumbi pa fani, n'kuchepetsako mphamvu ya kachipangizo koonetsa zithunzi. Batire ndinalichotsa chifukwa linali litatupa.

Ndili pa njinga yamoto, ndinamva kutentha kumsana. Ndinaima n'kutsegula chikwama. Fani inali kuzungulira, ikutulutsa mpweya wotentha, chikhalirecho batire ndinalisiya kushopu.

Mayi Liao anatsegula chitseko ndisanagogode.

"Mayi, pali wina amene amaigwiritsa ntchito?" ndinafunsa.

"Ndaninso? Ine ndimakhala ndekha," anayankha mwachangu, osandiyang'ana kumaso. Kenako anatsitsa mawu. "Mwaichepetsa mphamvu, eti?"

Zimenezo ndinali ndisanauze munthu aliyense.

"Akuti zithunzi zawo zikuchedwa kutseguka. Chonde bambo, bwezerani mmene zinalili," anapitiriza mayiwo.

"Akutero ndani?"

Anasuzumira kumbuyo kwanga, n'kukankha chitseko chonse.

"Lowani nonse awiri," anatero.