Kabokosi ka Riboni Yofiira

Mkulu wa labu anasuzumiranso pawindo, mtima uli m'mwamba. Galimoto ya bungwe lothandiza asayansi othawa nkhondo inali itaima kale pageti. Lero alendo a bungweli ankafuna kuona ndi maso, zongomva anatopa nazo.

Mkuluyu ndiye anakakamira kuti mayi ena, adokotala othawa nkhondo kwawo, alandiridwe pa labupo. Mayiwo anafika opanda pepala la sukulu ndi limodzi lomwe, zonse zinapsa pamodzi ndi chipatala chawo. Anangopulumutsa kabokosi komangidwa ndi riboni yofiira. Ankati muli kachidutswa ka ubongo kosungidwa m'phula, ka wodwala woyamba kufa ndi kachilombo kotupitsa ubongo. Tsopano ana m'wodi ya pansi anali atayamba kukomoka ndi matenda ofanana, ndipo popanda chofanizira madokotala ankangolota.

Koma kabokosiko ankatsegula ngati? Zidutswa za odwala ena ankazidula pamakina mofulumira ngati akusenda mbatata. Chawocho ayi. Lero mpeni wabuntha, mawa mankhwala achepa, mkuja mutu. Anzawo anayamba kunong'onezana kuti m'kabokosimo mulibe kanthu. Poyamba mkulu uja ankawakalipira, kenako nayenso anavomera chamumtima kuti anamugwiritsa fuwa lamoto. Munthu wofuna pogona angalephere bodza?

"Adokotala," anatero mkuluyo mokwiya, "alendo ali pamasitepe. Mukapanda kutsegula lero, mubwerera kumsasa wa othawa nkhondo. Ine kukuikirani kumbuyo ndatopa."

Mayiwo anatenga kabokosi kaja. Kenako anamasula riboni ija pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba la pachifuwa. Phula linalimo ndithu, koma lopyapyala ngati sopo wotha.

"Mungadulepo kangati pamenepa?" mkuluyo anafunsa.

"Kamodzi. Mpeni ukadutsa, palibe chotsala."

Alendo analowa, moni wake wa pakamwa chabe. Mayiwo anaika phula lija pamakina, n'kupukusa chogwirira. Anayala kachidutswako pagalasi n'kuyamba kukapaka mankhwala. M'chipindamo munangomveka kulira kwa firiji. Mkulu uja ankadziwa kuti galasilo likatuluka loyera, manyazi ndi ake.

Mankhwala atauma, mkuluyo anaika diso pa maikulosikopu. Timadontho tofiira tinali mbwee, ndendende ngati ta ana a m'wodi ya pansi. Anausa moyo. Alendo anasuzumira mmodzimmodzi, n'kuyamba kugwirana chanza.

"Ndiye chuma chonsechi mumatibisiranji, adokotala?" anafunsa mkuluyo akuseka. "Ife kumakuyesani akathyali."

Mayiwo sanaseke. Ankayang'ana kabokosi kopanda kanthu kaja, dzanja lili pathumba la pachifuwa.

"Pamanda pa wodwala ameneyu panagwa bomba, bwana. Riboniyi ankamanga kutsitsi popita kusukulu. Mwana wanga anali atatsala pomwepa basi."