Umboni wa Mlakatuli kwa Aphungu

Mlakatuli anali atakweza dzanja mpaka phewa kuwawa, koma amayi apampando ankangoloza anthu ena.

Kutsogolo kwa holo, patebulo lalitali loyala nsalu yoyera, panakhala aphungu a komiti ya Nyumba ya Malamulo. Anabwera kudzamva maganizo a anthu pa bilu yothana ndi akathyali amene amagwiritsa ntchito nzeru za makompyuta kupanga mawu ndi nkhope za anzawo. Mayi wina analira kuti anamva pafoni mawu a mwana wake akukuwa kuti wabedwa, mwanayo ali phee m'kalasi. M'busa wina anadandaula kuti kukuyenda kanema womuonetsa akuvina mubala. Aphungu ankagwedeza mitu, kulemba, kumwa madzi a m'botolo.

Mlakatuli anausa moyo. Amenewo anali mavuto wamba. Lake linali la mtima.

Dzinali anamupatsa ndi anzake a pababashopu, pomwe ankaswera tsiku lonse chimalizireni sekondale, ati akudikira zotsatira za mayeso. Zotsatirazo zinatuluka kalekale, iye n'kupitirizabe kudikira. Pawindo la pababashopupo ankaona bwinobwino sitolo ya mankhwala ya tsidya la msewu, ndi mtsikana wogulitsamo. Kwa mtsikanayo anagula mankhwala a chimfine kambirimbiri, chimfine alibe.

Tsiku lina wometa anamunong'oneza nambala. "Ndi yake iyi. Wandituma yekha. Usandichititse manyazi, aise."

Madzulo ake uthenga wa mawu unalowa kuchokera pa nambala ija. Anali mawu omwe aja, ofewa, amene ankamuuza kuti amwe mapilitsi akatha kudya. Koma tsopano ankati "wapamtima wanga". Ankati maso ake amamusowetsa tulo. Anangopempha chinthu chimodzi: kuntchito asamamulankhule, chifukwa abwana ake ndi munthu wankhanza.

Mlakatuli anapirira mmene akanathera, ndipo mmene akanatheramo simunali motalika. Sabata yatha anabwereka shati ya achimwene ake, kulowa musitolo muja anthu ali pamzere, n'kusiya pakauntala duwa ndi ndakatulo. Pansi pa ndakatulo iliyonse ankalembapo nambala yake, kuopa kuti osindikiza mabuku angavutike kumupeza.

Dzuwa lisanalowe kunabwera uthenga wina, wochokera pa nambala yachilendo. "Achimwene inu, ine sindikukudziwani. Musabwerenso kuntchito kwanga ndi maluwa. Mundichotsetsa ntchito."

Wina akanakomoka. Iye anangoseka. Nambala yachilendo. Mawu ouma gwa, ngati a wolengeza maliro pawailesi. Ndiye ati achimwene! Nkhani inali yoonekeratu: wansanje wina waba mawu a wokondedwa wake n'kuwalowetsa mukompyuta kuti awalekanitse. Wometa atamva anavomereza msanga, akuluma mlomo. "Kawauze aphungu, aise. Akubwera kuholo. Dziko limve."

Ndipo lero, atangolowa muholomo, anamuona mtsikana uja. Anakhala chapakati, pafupi ndi abwana ake aja. Wabwera! Wazemba ntchito, wanyengerera bwana, kuti adzaime naye pa tsiku la nkhondo. Mlakatuli anamutsinzinira diso. Mtsikanayo anayang'ana kudenga. Wochenjera bwanji, anaganiza Mlakatuli, amadziwa kubisa.

"Mnyamata wa shati yaikuluyo," anatero amayi apampando pomaliza. "Mwachidule."

Anaimirira, kukonza kolala, kugwira maikolofoni ndi manja onse awiri.

"Olemekezeka, mukuchedwa! Inu mukuti bilu iwerengedwe koyamba, iwerengedwe kachiwiri, ibwererenso kukomiti, pamene kunja kuno maukwati akutha asanayambe n'komwe. Lamuloli lipangeni lero. Amene wandichita chipongwe akagone kupolisi lero lomwe."

Anthu anaseka, ena kuomba m'manja. Phungu wina wachikulire anatsitsa magalasi. "Malamulo saphikidwa choncho, mwana wanga. Timayamba tamva, tafufuza. Umboni uli nawo?"

Funso limeneli ndi limene ankaliyembekezera. Anatulutsa foni yake yosweka galasi, n'kuigunditsa pa maikolofoni.

"Awa ndi mawu enieni."

Holo yonse inadzaza ndi "wapamtima wanga". Anyamata a kumbuyo anaimba malikhweru. Mayi wolira uja anamwetulira. Ngakhale m'busa anakhosomola.

"Tsopano imvani a makina."

Uthenga wouma uja unamveka mpaka panja. Mlakatuli anadikira kuti uthe, kenako anayang'ana aphungu mmodzimmodzi, monga anayesezera pagalasi la pababashopu.

"Mwamva kusiyana kwake? Makina angathe kuba mawu, olemekezeka, koma mtima sangaube."

M'manja munalira kwambiri. Phungu wachikulire uja analemba mawuwo. Mlakatuli anadziona kale pa tsamba loyamba la nyuzipepala, mnyamata amene anadzutsa Nyumba ya Malamulo chifukwa cha chikondi. Anaona ndi ukwati womwe, aphungu onsewa atakhala kutebulo la alendo olemekezeka.

"Wayankhula bwino," anatero amayi apampando. "Koma komiti siimva mbali imodzi. Mwini mawuwa angapezeke?"

"Ali momwe muno," anayankha, akuloza monyadira. "Usaope, wapamtima. Imirira."

Mtsikana uja anaimirira pang'onopang'ono. Maikolofoni inadutsa m'manja mwa anthu mpaka kumufika. Sanamuyang'ane Mlakatuli.

"Amayi apampando, ine ndinangoperekeza abwana anga. Uthenga wachiwiriwo ndi wanga, ndinatumiza ndekha pafoni yanga. Woyambawo ndaumva lero, limodzi ndi inu."