Mainess Anatumiza Mng'ono Wake pa Sikelo

Panali mayi wina ku Chongwe, dzina lake Mainess, amene ankakazinga vitumbuwa pamsika wa pa boma. Inali nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene shuga ndi mafuta ophikira ankasowa m'masitolo, anthu n'kumaswera pamzere. Mainess anali wonenepa kwambiri ndipo ankanyadira. Ankati thupi lakelo ndi umboni woti kunyumba kwake njala sifikako.

Chaka china kunabwera anamwino ochita kafukufuku wa kunenepa, ochokera ku Lusaka. Anafika ndi sikelo, tepi yoyezera m'chiuno ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Ankafunsanso munthu zimene amadya, mmene amagonera, ngati amayendako mtunda, ndiponso ngati mtima wake uli pamtendere. Tcheyamani wa Chipani pamsikapo analengeza kuti wogulitsa aliyense akayezedwe, ndipo wokana alandidwa malo ake.

"Sikelo ni ya nyemba na chimanga," anatero Mainess mokweza kuti onse amve. "Ine ndine munthu. Sinizakwerapo!"

Tsiku lomwelo bambo wina wachilendo, akugula vitumbuwa, anamunong'oneza kuti anamwinowo atumidwa kudzagwira anthu obisa shuga ndi mafuta, ndipo ayamba ndi onenepa. Mainess ankagula mafuta ake kuseri kwa sitolo, choncho sanafunse n'komwe kuti bamboyo ndi ndani. Anangokhulupirira.

Clotilda, mayi wogulitsa tomato pafupi naye, anali atayezedwa kale. Anamupempha kuti: "Ba Mainess, yendani chabe. Ine anipeza na BP, sin'nali kuziba. Imwe mutu umakubabani masiku onse, na mapazi avimba. Muzagwa tsiku lina."

"Mwayamba liti udokotala, ba Clotilda? Samalani tomato wanu, aola."

M'mawa mwake Mainess anaitana mng'ono wake Tisauke, mtsikana wochepa thupi, n'kumuveka chitenje chake ndi duku.

"Ba sisi, nanga akanigwira?" anafunsa Tisauke.

"Ukakambe chabe kuti ndiwe Mainess. Aja ba ku Lusaka satiziba."

Tisauke anapita. Anamuyeza, anamufunsa mafunso, n'kumuuza kuti ali bwinobwino. Tcheyamani atamva kuti Mainess wayezedwa sanalondolenso. Mainess anavina pakati pa msika akugwedeza thupi lonse. "Mwamva? Akuti Mainess alibe matenda!" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Amene anapezeka ndi vuto, anamwino ankabwera kudzawaona kawirikawiri. Anawapatsa mankhwala, anawalangiza kuchepetsa mchere ndi zamafuta, ndiponso kuyenda. Clotilda anayamba kuyenda wapansi pobwera kumsika. Mainess ankamukuwiza tsiku ndi tsiku, uku akudya vitumbuwa ndi tiyi wothira shuga wambiri.

Mvula itayamba, tsiku lina akukazinga, Mainess anamva chizungulire. Anafuna kuitana Tisauke koma lilime linakana. Anagwa pafupi ndi mbaula, mafuta otentha n'kumuwaza pamwendo. Kuchipatala ku Lusaka dokotala ananena kuti ndi sitiroko, ndipo magazi ake anakhala akuthamanga kwambiri kwa nthawi yaitali. Akanadziwa msanga, mankhwala akanamuteteza.

Anabwerera kunyumba pakamwa patapotoka, dzanja lamanja litafa, mwendo nawonso utafooka. Koma mwamuna wake Bornwell sanavomere mawu a dokotala.

"Clotilda anakamba yeka kuti muzagwa," anatero pamaso pa abale. "Anaziba bwanji? Ni eve anakulodzani. Lelo achoka pa msika paja!"

Abale aamuna anatola zibonga ndi miyala kuti akamenye Clotilda. Mainess ali pamphasa anamva zonse. Anadzikoka ndi dzanja limodzi mpaka pakhomo, n'kukhala pomwepo, kutseka njira.

"Palibe... azapita," anatero, mawu akutuluka movutikira.

"Chokani apo, amai. Ndimwe odwala, simuziba vamene mukamba," anatero Bornwell.

"Chafa ni dzanja, ba Bornwell. Mutu ukali moyo." Anatembenukira kwa mng'ono wake. "Tisauke, bauze."

Tisauke, akulira, anafotokoza mmene anapitira kukayezedwa m'dzina la mkulu wake.

"Clotilda ananiuza zoona, ine n'namutukwana," anatero Mainess. "Amene afuna kumuponya mwala ayambe wanipondapo ine."

Panalibe amene anayerekeza kumudumpha. Mmodzimmodzi anataya miyala, ndipo Bornwell anakakhala kuseri kwa nyumba, mutu uli pansi.

Clotilda anamva nkhani yonse koma sanasunge chakukhosi. Ankabwera kudzamugwira m'khwapa, kumuphunzitsanso kuyenda. Mwendo unayamba kumvera pang'onopang'ono, koma dzanja silinadzukenso, ndipo Mainess sanakazingenso chitumbuwa ngakhale chimodzi.

Phunziro: Dzina ungathe kubwereketsa, koma matenda amatsala m'thupi mwako. Kuyezedwa sikelo ndi kuthamanga kwa magazi si kunyozedwa, ndipo amene amakuchenjeza si mfiti. Osamvera mphekesera za anthu osawadziwa n'kusiya malangizo a anamwino. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa m'bale kapena mnzanu amene amati "ine ndili bwino" asanayezedwe n'komwe.