Mimba Yosagunda

Manja a mzamba anali ozizira ngati madzi a mu Linthipe nthawi ya chisanu. Zilole anagona chagada pamphasa, mimba ili tuu, nthiti zikuonekera.

Panja pankadikira abale a mwamuna wake Funsani, amene anapita ku migodi ya ku Halale zaka ziwiri zapitazo. Anabwera ndi funso limodzi: mimbayi ndi ya yani?

"Yagundapo?" anafunsa mzambayo, aNangondo.

"Ayi, imangoluma. Ngakhale phala likumabwerera, lakuda ngati mwaye."

ANangondo anakanikiza pansi pa chifuwa. Zala zawo zinaima pa chinthu cholimba ngati mwala wa mphero. Anafufuza m'munsi mwa khosi, kumanzere, napeza kanthu kena konga nzama. Anachotsa manja msanga n'kuwapukuta pansalu.

"Nditemereni mankhwala, amayi," anatero Zilole. "Mphini ndipirira."

ANangondo anaimirira. Anatuluka, ndipo Zilole anawamva akuuza anthu aja kuti, "Mlamu wanuyu sanalakwire m'bale wanu. Mulibe mwana m'menemu."

Amayi ake a Zilole analuluta nthungululu, pakuti manyazi anali atachoka pakhomo pawo.

ANangondo anabwerera, koma anangoima pakhomo osalowanso.

"Chotupa chonga chimenechi ndinachikhudzapo kamodzi, mwa mayi wina wa ku Lobi," ananong'ona.

"Anachira?" anafunsa Zilole.

Panja nthungululu inali ikupitirira. ANangondo anayang'ana pansi, kenaka anati:

"Tumani munthu ku Halale lero lomwe. Akamuuze Funsani kuti abwere msanga, asadikire nthawi yokolola."